Tchuthi cha Banja ku Mulanje: Muyeso Ndi Miyendo ya Mwana

Mau akuti tchuthi asintha tanthauzo m'mabanja ambiri a dziko lino. Masiku amene ife tinali ana m'midzi ya m'tsinde mwa phiri la Mulanje, tchuthi chinali chabe nyengo imene sukulu yatsekedwa, ndipo makolo apeza manja ena oŵathandiza kumunda. Anzathu a m'tauni ankatumizidwa kwa agogo ao pa basi, atanyamula kachikwama ka zovala, paketi ya shuga ndi mtanda wa sopo. Pobwerera ankakhala atada ndi dzuŵa, zidendene zitang'ambika, koma akudziŵa kuŵaza nkhuni, kusenza mtsuko ndiponso kutchula abale ao onse mwa maina. Panalibe amene ankakhala pansi ndi pensulo kuti akonze ulendo wotere, pakuti mwambo unali utaukonza kale.

Lero kuli mabanja, a ku Blantyre, a ku Lilongwe, ndi ena obwera kudzacheza kuchokera ku Johannesburg kapena ku London, amene amasunga ndalama chaka chathunthu kuti apite ndi ana ao kukagona masiku angapo ku malo okongola: kunyanja ku Mangochi, kukaona nyama ku Liwonde ndi ku Majete, kapena kuno kuphiri. Chimenechi ndi chinthu chabwino ndithu, ndipo amene achikwanitsa mwa thukuta lao asachite nacho manyazi. Akuluakulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziŵe limodzi. Mwana amene waona dziko lake ali wamng'ono amakula akulikonda.

Komabe ife okhala kufupi ndi phirili taona kambirimbiri galimoto zokongola zikubwerera kutauni madzulo a Lamulungu, ana ali kulira kumbuyo, bambo ndi mai atakhala chete kutsogolo ngati akuchokera kumaliro. Ndalama zambiri zapita, koma aliyense watopa kuposa m'mene anabwerera. Tikafunsitsa, timapeza kuti cholakwika chimakhala chimodzimodzi: ulendowo unakonzedwa molingana ndi mphamvu ndi zokhumba za akuluakulu, ndipo ana anangonyamulidwa pamodzi ndi zikwama. Tsono chimene tikufuna kukambirana nanu, aŵerengi okondedwa, ndi ichi: pokonza tchuthi cha banja, muyeso wa zonse, kuyambira mwezi wonyamuka mpaka mtunda woyenda pa tsiku, ukhale miyendo ya mwana wamng'ono koposa m'banjamo.

Phiri limene likutiitana

Tiyambe ndi kulidziŵa phirilo. Mulanje ali pa mtunda wosakwana makilomita 70 kuchokera ku Limbe podzera mseu wa Midima. Amene sali pa changu angathe kudzera ku Thyolo ndi ku Luchenza, kumene ana amayamba kuona minda ya tiyi ulendo usanafike pakati. Nsonga yake yaitali, Sapitwa, ili pa mamita 3,002, ndipo palibe malo ena okwera chotere m'Malaŵi muno. Nkhalango yake inaikidwa m'manja mwa boma mu 1927. Mu 2000 bungwe la UNESCO linaŵerengera phirili pakati pa malo a chilengedwe oyenera kutetezedwa, ndipo mu Julayi 2025 linaliika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi chifukwa cha ulemu umene Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe akhala akulipatsa chiyambire makedzana. Kuphiri kuno ndiye kwao kwa mkungudza wa Mulanje, umene unatchedwa mtengo wa fuko lathu mu 1984. Mitsinje ya Ruo, Thuchila, Lichenya ndi Likhubula imatumphuka pomwepa, ndipo ena mwa madzi amene anthu amamwa mu mzinda wa Blantyre amatungidwa ku Likhubula. Mwana wa ku Limbe akaimirira pa mtsinje umenewu, mungathe kumuuza moona kuti akuyang'ana kumene kumachokera madzi a m'kapu yake.

Malo ogona aliponso a mitundumitundu. Pa boma pali Kara O'Mula, pamwamba pang'ono moyang'ana minda ya tiyi; ku Likhubula kuli nyumba ya alendo ya mpingo wa CCAP; ndipo pamwamba pa phiri pali tinyumba ta apaulendo ku Chambe, Lichenya, Thuchila, Chinzama, Sombani, Chisepo ndi kwina. Zonsezi nzokopa, ndipo bambo amene waona zithunzi zake pa foni amafuna kuti banja lake lilaŵe chilichonse m'masiku atatu. Apa ndi pamene mavuto amayambira.

Mwezi wonyamuka

Banja la ana a sukulu silisankha lokha nthaŵi ya ulendo. Kalendala ya sukulu ndiyo imalamula. Pali tchuthi cha Khrisimasi, cha Pasaka, ndi chachitali cha mwezi wa Ogasiti. Ambiri amakonda cha Khrisimasi chifukwa ndi pamene ntchito zimaima ndipo abale akunja amabwera. Koma Disembala ndi Januwale ndi pakati pa dzinja, ndipo dera la Mulanje ndi limodzi mwa madera amene amalandira mvula yambiri zedi m'dziko muno. Miyala imaterera, ndipo kakhwaŵa kamene m'maŵa munaoloka mosavula nsapato kangathe kusanduka mtsinje waukali dzuŵa lisanapendeke, chifukwa cha mvula imene yagwa pamwamba inu osaiona. Anthu a kuno sanaiŵale napolo wa ku Phalombe wa mu Malichi 1991, ndiponso namondwe Freddy wa mu Malichi 2023, pamene matope ndi miyala zinatsika m'mapiri nkukwirira midzi, ndipo anthu oposa 1,000 m'dziko muno anamwalira kapena kusoŵa. Banja lobwera m'dzinja lidziŵiretu kuti tchuthi chake chidzakhala cha m'tsinde, cha pakhonde ndi m'minda ya tiyi, imene nthaŵi imeneyo imabiriŵira mochititsa kaso. Walira mvula walira matope.

Miyezi ya Meyi, Juni ndi Julayi ili ndi mlendo wake, chiperoni, nkhungu yozizira ya mvula yowaza imene dzina lake linachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique. Ikabwera imatha kukhala masiku angapo, ndipo pamwamba pa phiri madzi amaundana usiku. Kwa ana aang'ono nthaŵi yokoma koposa ndi Ogasiti ndi kuchiyambi kwa Seputembala: njira zauma, mitsinje yaphwa, chisanu chayamba kuchepa, ndipo kutentha kwa Okutobala sikunafike. Ngati mungathe kusankha, sankhani tchuthi chimenechi, ngakhale kuti anzanu onse akupita pa Khrisimasi.

Mtunda wa tsiku limodzi

Chigwa cha pamwamba pa phiri chili pa mamita pafupifupi 2,000, pamene midzi ya m'tsinde ili pansi pa mamita 1,000. Munthu wamkulu wathanzi amatenga maola atatu kapena anai kuchoka ku Likhubula kufika ku Chambe, ndipo njira yake ndi chikweza chokhachokha. Kuti afike pa Sapitwa ayenera kugona ku Chisepo, nkulaŵirira m'maŵa kukakwaŵa pa miyala ikuluikulu ndi manja omwe. Umenewu si ulendo wa mwana wa zaka zinai, ngakhale wa zaka zisanu ndi ziŵiri. Ena amati, “Palibe kanthu, tidzambereka.” Koma pali chinthu chimene ambiri sachidziŵa. Mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 aliwonse amene munthu wakwera. Wobereka amatuluka thukuta chifukwa akuyenda, pamene mwana ali duu kumbuyo, miyendo ili panja, mphepo ikumuomba. Ndipo thupi laling'ono limataya kutentha msanga kuposa lalikulu. Mai amamva kutentha, naganiza kuti mwana nayenso akumva chimodzimodzi. Mwana akasiya kulira nkuyamba kuodzera, si nthaŵi zonse pamene kumakhala kugona kwabwino.

Tinyumba ta pamwambato tili ndi mlonda ndi nkhuni zoothera, koma chakudya ndi zofunda mumanyamula nokha, magetsi mulibe, ndipo chipatala chili maola ambiri pansi. Kwa mnyamata kapena mtsikana wa zaka khumi ndi ziŵiri, usiku wa ku Chambe, pafupi ndi moto, nyenyezi zili mbuu kumwamba, ndi mphatso imene sadzaiiŵala. Kwa khanda ndi chiyeso chopanda phindu. Kuona maso a nkhono nkudekha. Phirili lakhalapo zaka zosaŵerengeka ndipo lidzamdikira mwana wanu mpaka atakula.

Nanga wamng'onoyo achite chiyani? Zilipo zambiri. Kuchokera ku Likhubula kupita ku mathithi a Dziŵe la Nkhalamba ndi ulendo wa ola limodzi kwa wamkulu. Ndi ana muŵerengere maola aŵiri, ndipo musadandaule mukapanda kufika. Mwana wa zaka zitatu amaima pa chilichonse: nyerere zonyamula tsamba, gulugufe, mwala wonyezimira, pusi pa nthambi. Kwa ife akuluakulu zimenezi ndi zochedwetsa, koma kwa iye ulendo wake ndi womwewo. Bambo amene akukoka mwana padzanja kuti “tikafike msanga” akumlanda chinthu chomwecho chimene walipirira ndalama zambiri. Lamulo labwino ndi lakuti pa tsiku pakhale chochita chimodzi chokha chachikulu, chichitike m'maŵa, ndipo masana ana adye ndi kugona pa nthaŵi imene anazoloŵera kunyumba. Kuthamanga sikufika.

Madzi ndi nkhungu

Pa Dziŵe la Nkhalamba tinenepo mau olimba. Madzi ake ndi oyera ndi okopa, koma ndi akuya ndiponso ozizira kwambiri, miyala yake njoterera, ndipo anthu amirapo kale, ena a iwo odziŵa kusambira. Mwana akamamira sakuwa monga timaganizira. Amangoloŵa pansi mwakachetechete, m'kanthaŵi kochepa kamene munthu amatenga poyankha uthenga pa foni. Pamene pali akuluakulu asanu, aliyense amaganiza kuti mnzake ndiye akuyang'ana. Nchifukwa chake pafupi ndi madzi, kaya ndi mtsinje kaya ndi dziŵe losambiramo la pa hotela, munthu mmodzi atchulidwe dzina kuti ndiye mlonda wa ana, akhale pafupi moti nkuŵagwira ndi dzanja, ndipo asachite china chilichonse mpaka mnzake atamlandira.

Makolo athu anatcha nsonga ija Sapitwa, ndipo ankasimba za mizimu imene imasoŵetsa anthu osasamala miyambo ya kuphiri. Munthu angaganize zimene angaganize pa nkhani zimenezi, koma chenjezo lake nloona: nkhungu imatsika mwadzidzidzi, njira nkuzimirira. Mu 2009 mnyamata wina wophunzira bwino wa ku Brazil anauza womperekeza kuti abwerere, napitirira yekha kumka ku Sapitwa. Mtembo wake unapezeka patapita masabata. Choncho ngakhale pa ulendo waufupi, tengani mperekezi wodziŵika ku ofesi ya zankhalango ku Likhubula. Safunsa anadya phula. Ndalama ya mperekezi ndi yochepa poyerekeza ndi ya chipinda chogona, koma ndiyo imene yagwira moyo wa ana anu.

Mafunso ofunsa musanalipire

Malo okwera mtengo si onse amene anamangidwa moganizira ana. Ena anakonzedwera alendo aŵiriaŵiri ofuna bata, ndipo mai amatha masiku atatu akutontholetsa mwana ndi kupepesa kwa anthu osaŵadziŵa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Musanatumize ndalama, imbani foni, mulankhule ndi munthu, mufunse zinthu zimene chithunzi sichionetsa. Kodi ana amalandiridwa, ndipo amalipira bwanji? Kodi banja lonse lingagone m'chipinda chimodzi kapena m'zipinda zoyandikana? Kodi khonde lili ndi chotchinga, ndipo dziŵe losambiramo lili ndi mpanda? Kodi pa bedi lililonse pali neti? Magetsi akazima, pali chounikira china? Kodi kukhitchini angavomere kuphika phala m'mamaŵa, kapena nsima ndi mazira madzulo dzuŵa lisanaloŵe, pakuti mwana sangadikire chakudya cha alendo cha usiku? Malo amene ayankha mafunso ameneŵa mokondwa ndiwo apamwamba kwa banja, ngakhale mipando yake ikhale yakale.

M'chikwama musaiŵale majuzi, zipeŵa, nsapato zimene mwana anazizoloŵera kale, tochi, mankhwala oziziritsa thupi, mapaketi a thanzi othandiza mwana akatsegula m'mimba, ndi buku lake la kuchipatala. Dziŵiranitu kumene kuli chipatala cha boma cha Mulanje ndi cha Mulanje Mission. M'tsinde mwa phiri udzudzu ulipo, ndipo malungo saonekera tsiku lomwelo. Amatenga sabata kapena kuposerapo. Mwana akatentha thupi mutabwerera kale kunyumba, mukamuyezetse magazi msanga, ndipo muŵauze achipatala kumene munali.

Thumba la banja

Tsopano za ndalama, zimene zimaswa mabanja ambiri mwakachetechete. Tchuthi cha Khrisimasi chimatsatana ndi Januwale, mwezi wa fizi, wa yunifolomu, wa feteleza wachiŵiri ndiponso wa njala kwa abale akumudzi. Taonapo mabanja amene anatenga ngongole kubanki, ku banki m'khonde, ngakhale kwa akatapila, kuti akagone masiku atatu pamalo pamene anzao a kuntchito anajambulitsapo zithunzi. Masiku atatuwo anatha, koma mkangano wake unafika mpaka nthaŵi yokolola. Ana amamva zonsezi ngakhale chitseko chitatsekedwa, ndipo amaphunzira kuti chisangalalo chimabala mkwiyo.

Bambo ndi mai akhale pansi limodzi miyezi ingapo ulendo usanafike, aliyense anene poyera zimene ali nazo. Fizi ya teremu yotsatira iikidwe padera poyamba; chotsalacho ndicho cha tchuthi. Poŵerengera asaiŵale mafuta a galimoto, chakudya cha panjira, malipiro a pachipata cha nkhalango, mperekezi, ndi kangachepe kosungira zadzidzidzi. Mitengo imasintha msanga masiku ano. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo amene anali atauzidwa mtengo pakamwa chabe anakapeza wina pofika. Pemphani kuti mtengo ulembedwe. Ngati thumba likulola masiku aŵiri okha, pitani masiku aŵiri ndi mtima wopepuka. Mwana wa zaka zisanu sadziŵa kusiyanitsa chipinda chodula ndi chotchipa. Chimene amadziŵa nchakuti bambo ake anali pomwepo, osathamangira kuntchito, ndipo anamthandiza kuponya timiyala m'madzi.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Chimene ndalama zanu zikugula kwenikweni ndi nthaŵi: masiku oŵerengeka amene mai sakuphika, bambo sakuyankha mabwana, ndipo onse aŵiri ali ndi manja opanda kanthu oti mwana nkugwira. Nchomvetsa chisoni kuona banja litakhala pakhonde lokongola moyang'anana ndi thanthwe la Chambe, aliyense ataŵeramira foni yake, wamng'ono atapatsidwa yakeyake kuti asasokose. Banja lotere likanatha kuchita zomwezo kunyumba kwaulere.

Zimene mwana amaona

Mwana ndi wamfupi, ndipo maso ake amaona zimene ife timazidumpha. Amaona amene wanyamula chikwama, amene wakolopa pansi, amene watsala panja pamene ena akudya. M'mera mpoyamba: pa tchuthi ndi pamene amaphunzira m'mene munthu wopeza bwino amakhalira ndi anzake, pakuti amakhala ndi makolo ake usana wonse.

Mabanja ambiri amatenga mtsikana wolera ana. Ndi nzeru yabwino, malinga tikumbukire kuti nayenso ndi mwana wa munthu. Kodi poŵerengera mabedi tamuŵerengera? Kodi akudya chimene tikudya, pa tebulo limene tikudyera? Kodi ali ndi juzi? Kodi tampatsa ola lakelake loti aone mathithi ndi maso ake, popanda mwana kumsana? Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ndipo ngati mtsikanayo ndiye akhale ndi ana kuyambira m'maŵa mpaka usiku pamene makolo akucheza ndi anzao, ndiye kuti anawo angosintha malo olereredwa ndi wantchito. Tchuthi chao ndi makolo sichinachitike.

Chimodzimodzi ndi aperekezi ndi onyamula katundu. Ameneŵa ndi abambo a mabanja ao, odziŵa phirili mwala ndi mwala. Chaka ndi chaka pamachitika mpikisano wa liŵiro wa onyamula katundu, wa makilomita pafupifupi 25, kukwera kuchokera ku Likhubula, kudutsa pamwamba ndi kutsikanso, ndipo opambana amamaliza maola atatu asanakwane, pa mtunda umene mlendo amayenda masiku aŵiri. Mwana aphunzire kuŵatchula “bambo” kapena “amalume”, kuŵapatsa moni ndi manja aŵiri, ndi kunena “zikomo” akamuolotsa pa mtsinje. Asamve makolo ake akunenerera malipiro a munthu wotere mpaka kumfinya, pamene usiku wathawo analipira chakumwa cha mtengo woposa pamenepo osafunsa nkomwe. Gwirizanani mtengo musananyamuke, musamsenzetse katundu woposa muyeso, ndipo pa nthaŵi ya nkhomaliro mugaŵane naye kamba.

Minda ya tiyi nayo ili ndi phunziro lake. Tiyi anayamba kulimidwa m'boma lino mu 1891, pamene Henry Brown anamubzala pa esiteti ya Thornwood. Ambiri mwa amene anagwetsa nkhalango ndi kulima mizere yokongolayo anali Alhomwe ochokera ku Mozambique, amene ankalipira malo okhala pogwira ntchito ya thangata, mchitidwe umene unathetsedwa mu 1962. Lero boma la Mulanje lili ndi anthu ochuluka zedi, 684,107 pa kalembera wa 2018, ndipo mabanja ambiri amalima kachigawo kakang'ono m'mphepete mwa maesiteti. Mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi sangamve mbiri yonseyi, koma angathe kumva kuti tiyi amene amamwa m'maŵa anathyoledwa ndi manja a mai uja wa dengu kumsana, nsonga imodziimodzi, mvula ili kugwa. Musamlole kuloza anthu ogwira ntchito ndi kamera ngati kuti ndi mbali ya maluŵa. Ayambe wapereka moni ndi kupempha.

Pamseu mudzapeza ogulitsa nanazi, nthochi ndi mapeyala. Gulani kwa iwo mokondwa, kuti ndalama ya tchuthi chanu itsaleko m'midzi ya kuno. Koma pa timabokosi ndi ndodo zonunkhira zosemedwa ndi mkungudza, ganizani kaŵiri. Mtengo umenewu watsala pang'ono kutheratu m'phirimo chifukwa cha macheka ndi moto, ndipo bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust pamodzi ndi anthu a m'midzi akhala akuvutika kubzala mbande zatsopano, zimene zimatenga zaka makumi ambiri kuti zikule. Kuuza mwana chifukwa chimene simukugulira kabokosiko ndi mphatso yoposa kabokosi komweko.

Njira yodzera kumudzi

Pomaliza, mau kwa inu amene kwanu ndi konkuno, ku Chonde, ku Chisitu, ku Muloza, ku Nkando kapena ku Limbuli, koma ana anu anabadwira m'tauni. Zimachitika kuti banja limagona masiku atatu pa hotela, makilomita oŵerengeka chabe kuchokera pakhomo pa agogo, nkungodzera mphindi makumi aŵiri pobwerera, injini ya galimoto isanazizire nkomwe. Nkhalamba imaima pabwalo ndi nkhuku imene inafuna kuphera adzukulu, ikuyang'ana fumbi. Sitikunena kuti tchuthi chonse chithere kumudzi monga kale. Mai amene amagwira ntchito chaka chonse ali ndi ufulu wopumula pamalo pamene sakuyembekezeka kukhala pamoto. Koma pa masiku anai, limodzi lathunthu lipite kwa agogo, ndipo likhale loyamba, ana asanatope. Adye kalongonda ndi nandolo, amve Chilhomwe chikulankhulidwa, aseŵere ndi asuweni ao m'fumbi. Ngati mphamvu zao zilola, atengeni agogowo mukagone nao kumalo okongolawo usiku umodzi. Ambiri a iwo akhala moyo wao wonse akuyang'ana nyumba zimenezo chapatali, ndipo palibe mperekezi amene angasimbire mdzukulu nkhani za phirili kuposa iwo.

Tsono inu makolo amene mukukonza ulendo chaka chino, tengani pepala lanu mulionenso. Pa mzere uliwonse dzifunseni ngati wamng'ono wa m'nyumba mwanu angathe kuyenda mtunda umenewo, kudya pa ola limenelo, kupirira kuzizira kumeneko. Chimene sangathe chichotseni, mudzachichita chaka china. Mudzaona kuti pepalalo lafupika, ndalama zatsalako, ndipo masiku atalika. Mwina simudzabwerako ndi chithunzi cha pa Sapitwa choonetsa anzanu kuntchito. Mudzabwerako ndi mwana amene wagona tulo tabwino pampando wakumbuyo, m'thumba mwake muli kamwala kosalala ka mu mtsinje wa Likhubula, ndipo akadzuka adzafunsa kuti, “Ababa, tidzapitanso liti?”